Mabotolo a Tepi Yofiira

Fakitale ya nsalu ku Belmont itatsekedwa ndinali nditagwirako zaka makumi atatu, mbali yonyika nsalu mu utoto. Ndinakhala pakhomo ku Entumbane zaka ziwiri. Kenaka mkulu wina wa kumpingo anandiuza kuti kusukulu yaukachenjede akufuna munthu wotsuka mabotolo. Ndinapita. Anandifunsa za sukulu, ndinati ndinalekeza sitandade sikisi. Anandifunsa ngati ndimamwa, ndinati ayi. Ntchito ndinayamba Lolemba.

Chipinda chake chinali kumbuyo kwa nyumba yophunziriramo za zomera. Chinalibe zenera. Munali mashelefu anayi, nyale zazitali zoyera, tebulo lachitsulo ndi mabotolo a jamu osawerengeka. Mwini chipinda anali mayi wa Chindebele, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Anali dokotala, koma wa zomera, osati wa odwala. Ankanditchula khulu, ndiwo agogo m'chilankhulo chawo. Ine ndinkati adokotala. Tinkalankhula Chindebele, chifukwa ndinabadwira konkuno, ku Barbourfields. Chichewa ndi cha m'nyumba mwanga. Bambo anga anabwera nacho wapansi kuchokera ku Ntcheu.

Adokotala ankalimbana ndi duwa limodzi. Ndi lija lomera lokha m'mipanda, lofiirira kapena loyera, la masamba osalala, limene mbuzi sizidya. Kumanda a ku Luveve lili ponseponse. Anati m'masamba ake muli mankhwala a khansa, koma ndi ochepa zedi. Kuti upeze okwana nsonga ya supuni uyenera kuthyola munda wathunthu. Iwo ankafuna njira yoti mankhwalawo azichuluka popanda munda.

Njira yake inali iyi. Unkadula kachidutswa ka tsamba, n'kukatsuka m'mankhwala opha tizilombo, n'kukaika m'botolo pamwamba pa phala loundana. Phalalo tinkapanga ndi madzi, shuga ndi ufa woyera wochokera ku Joni, n'kuliphika mumpoto wa nthunzi. Patapita masabata, m'mphepete mwa tsambalo munkatupa kanyama koyera, kofewa, kopanda muzu, kopanda tsamba. Tinkangoti nyama. Nyamayo inkakula m'botolo, inkadya phala, ndipo inali ndi mankhwala omwe aja. Masabata anayi alionse tinkaisamutsira m'botolo lina la phala latsopano. Ukachedwa, phala limauma n'kung'aluka, nyama n'kufa.

Poyamba ndinkangotsuka. Tsiku lina adokotala anandiona ndikuyezera shuga pasikelo, anaima kumbuyo kwanga mpaka ndinamaliza.

"Khulu, manja anu sanjenjemera."

"Anjenjemere chifukwa chiyani?"

"Ophunzira anga a zaka makumi awiri amanjenjemera."

"Sanagwirepo ntchito."

Anaseka, n'kundiphunzitsa kusamutsa. Umasamba m'manja ndi sipiriti. Umawambika kopanira kachitsulo pamoto. Sulankhula botolo lili lotsegula, supumira pamwamba pake. Umatenga nyama yoyera, yamoyo, n'kusiya yakuda. Botolo lakale umaliphika mumpoto tsiku lomwelo, n'kulitsuka, kuti chuku chisapeze poyambira. Mabotolo a ophunzira ankachita chuku chobiriwira sabata isanathe. Anga, nyama ili m'kati, sanachitepo ngakhale limodzi. Ndikunena zimenezi chifukwa ndi zoona.

Anthu akunja amene ankagulira chipindacho ufa ndi mafuta a jenereta anali atapereka chaka chimodzi. Chaka chikatha popanda choonetsa, chipinda chitsekedwa, adokotala azikafuna kwina, ine ndibwerera pakhomo. Tonse awiri tinkadziwa, ndipo sitinkakambirana.

Miyezi inayi itatha, tinali ndi mabotolo makumi asanu ndi limodzi a nyama yabwino. Apo ndi pamene adokotala anatchula za cheza.

"Khulu, duwa ili silipangira ifeyo mankhwala. Limadzipangira lokha, odzitetezera. Likavutika ndi pamene limapanga ambiri. Ndiye tikaiwotche nyamayi pang'ono ndi cheza."

"Kuwotcha chinthu kuti chibale?"

"Osati kuti chibale. Kuti chiwawe."

Ndinavomera, ndinati yebo. Mumtima ndinati izi ndi za m'mabuku. Anandiuza. Sindinganame kuti sanandiuze.

Makina a cheza analipo amodzi okha m'mzinda muno, kuchipatala chachikulu, owotchera khansa m'thupi la munthu. Adokotala analemba makalata miyezi iwiri asanapatsidwe mpata. Anatipatsa ola la nkhomaliro, tsiku limodzi. Tinamata tepi pazivindikiro. Mabotolo makumi awiri a tepi yobiriwira anatsala pashelefu, osawotcha. Makumi awiri a tepi yachikasu anali oti awotchedwe pang'ono. Makumi awiri a tepi yofiira anali oti akhalitse pansi pa makina.

Ndinanyamula makatoni awiri. Kuti ufike pachitseko cha makina unkadutsa m'khonde lalitali. Mabenchi onse anali odzaza. Ena anakhala pansi, ena anagona pazikwama zawo. Fungo lake sindilemba. Mayi wina wachikulire, wokulunga nsalu pakhosi, anagwira katoni ndi chala.

"Baba, muli ndi odwala angati umu?"

"Ndi mabotolo, amayi."

"Ndawamva akugundana. Angati?"

"Makumi anayi."

"Onse alowa ife tisanalowe? Makhadi awo ali nawo?"

Anthu anaseka pabenchipo, kuseka kwa anthu otopa. Mayiyo sanalekere pomwepo.

"Ine ndachokera ku Lupane. Ino ndi sabata yachitatu pabenchi ili. Mundifunsireko kwa adokotala anuwo ngati latsala botolo lalikulu, ndilowemo."

Adokotala anayamba kufotokoza kuti tabwera pa ola loti makina sakugwira ntchito, sitikulanda malo a munthu, ndipo ntchito yathu ndi yofunafuna mankhwala a matenda omwewo.

"Adzapsa liti mankhwala anuwo, mwana wanga?"

"Zimatenga zaka, mama."

"Hayi. Pitani, musachedwetse maluwa."

Ndinayang'ana kutsogolo mpaka chitseko chinatseguka.

Woyendetsa makina anali bambo wonenepa, wa mandala. Anayala mabotolo pabedi logonapo odwala, n'kutitulutsa tonse. Chitseko chake chinali chochindikala ngati chipupa. Sindinaone moto, sindinamve kutentha. Makina anangolira chapansipansi. Titamaliza anandiuza kuti, "Kamodzi komweka, mdala. Makinawa ndi okalamba kuposa inu. Musabwerenso ndi jamu wanu."

Tsiku limenelo mabotolo onse ankaoneka chimodzimodzi. Kusiyana kunayamba patatha milungu iwiri. A tepi yobiriwira ankakula monga mwa masiku onse. A tepi yachikasu anaima kaye, kenaka anayambiranso, oyera, ofewa. A tepi yofiira anada. Khumi ndi atatu anafa n'kusanduka ngati makala onyowa. Anatsala asanu ndi awiri. Nyama yake inali yaing'ono ngati njere ya nzama, yolimba, yofiirira ngati dzimbiri, ndipo phala lozungulira linkasanduka ngati tiyi. Pamwezi inkakula pang'ono moti unkachita kuyezera ndi diso kawiri. Adokotala ankaisamutsa okha. Ndinkaona akukhalitsa pa mabotolo amenewo, ndipo ndinkati ndi chisoni cha munthu amene wawononga zinthu zake.

Anatsina tizidutswa m'gulu lililonse, anaumitsa, n'kutumiza ku Harare kumene kunali makina oyezera kuchuluka kwa mankhwala. Anati yankho litenga mwezi kapena kupitirira.

Yankho lisanabwere, mayi awo anamwalira kumudzi, mbali ya ku Tsholotsho. Uthenga unawapeza m'chipinda, m'mawa wa Lachisanu. Anavula malaya oyera antchito, anawapachika, anaima pakhomo.

"Khulu, kusamutsa ndi Lachinayi. Mukwanitsa nokha?"

"Pitani mukaike amayi."

"Musamutse onse."

"Ndamva."

Lolemba ndinaphika phala la mabotolo onse makumi anayi mphambu asanu ndi awiri. Magetsi anazima mpoto usanafike pamlingo wake, ndipo jenereta inalibe mafuta. Pofika Lachitatu phala lonselo linali litachita chuku. Ndinalitaya. Ndinatsegula chitini cha ufa, ndinakokota mpaka pansi, ndinayeza. Unali wokwana mabotolo makumi anayi. Ufa wina unali panjira kuchokera ku Joni, koma palibe ankadziwa tsiku lofika. Kusungunula phala kuti likwane onse sindikanachita. Zaka makumi atatu pa utoto zinandiphunzitsa kuti muyezo suchepetsedwa. Mabotolo asanu ndi awiri anayenera kutsala.

Nditaweruka ndinawauza mayi a kunyumba. Anali panja akusankha nyemba.

"Aimbireni foni," anatero.

"Munthu ali pamaliro a mayi ake."

"Maliro anaika Lolemba."

"Akadali pamphasa. Ndiimbe foni pakati pa anamfedwa, ndizifunsa za mabotolo a jamu? Achibale awo adzati ife maNyasa sitinaleredwe."

"Ndiye lembani kauthenga. Awerenga akapeza mpata."

"Anandisiyira chipinda chifukwa ndimadziwa ntchito."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Abambo, umenewu ndi ulemu kapena ndi matama?"

"Sankhani nyemba zanu."

"Ndikusankha. Koma ine ndikasokoneza, tidya mwala umodzi basi."

Foni inali m'thumba mwanga. Sindinaitulutse.

Ndili ndi kamunda m'mphepete mwa njanji, kumene anthu a ku Entumbane timalima chimanga mvula ikagwa. Bambo anga ndiwo anandiphunzitsa kupatulira. Pa phando pakamera zitatu, umazula yonyozoloka, yachikasu, kuti zamphamvu zidye bwino. Suchitira chisoni chofooka. Ndachita zimenezi chaka ndi chaka kuyambira ndili mwana, ndipo nkhokwe ya munthu aliyense wodziwa kulima imadzaza motero.

Lachinayi m'mawa ndinandanda mabotolo onse patebulo. Sindinavutike kusankha. Makumi anayi anali onenepa, oyera, okongola. Asanu ndi awiri anali ngati nkhanambo. Ndinasamutsa a tepi yobiriwira onse, ndi a tepi yachikasu onse. Ntchitoyo inanditengera tsiku lathunthu, ndipo inali yoyera kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo. Kenaka ndinaika mabotolo akale mumpoto wa nthunzi, monga mwa lamulo. A tepi yofiira analowa m'chigawo chomaliza, nyama yake ili momwemo. Ndinaphika, ndinakhuthula, ndinatsuka, ndinamatula tepi, ndinaumitsa. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Adokotala anabwera Lolemba lotsatira. Anali atameta tsitsi, atavala zakuda. Ndinaimirira n'kuwapepesa monga kuyenera. Anayankha mwachidule. Maso awo anali otupa, koma nkhope inali ndi changu china chimene sindinachimvetse. Anatulutsa foni.

"Khulu, yankho la ku Harare lafika dzulo ndili m'basi. Bwerani muone."

Sindinkatha kuwerenga mizere yake, koma anandilozera ndi chala. Timizati titatu. Kobiriwira kanali kafupi. Kachikasu kanali kotalikirapo pang'ono, kosiyana mosaoneka bwino. Kofiira kanatalika mpaka pamwamba pa chithunzi.

"Aja onyansa aja, khulu. Aja ndi amene. Sabata yonse ndalira, koma dzulo m'basi ndinaseka ndekha, anthu n'kumandiyang'ana. Ali kuti?"

Anapita kushelefu. Anawerenga zivindikiro ndi chala, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anabwereza. Anasuzumira pansi pa shelefu.

"Khulu?"

Ndinawauza za magetsi, za phala, za ufa. Ndinawauza zonse mwa dongosolo lake, nditaimirira.

"Ndiye mwawasiya m'phala lakale. Palibe vuto, angapirire masiku ochepa. Ali kuti?"

Ndinaloza mabotolo otsuka, ali chozondoka pathireyi.

Anatola limodzi, analiyang'anitsa pa nyale. Linali loyera mbee. Anakhala pansi, pasimenti penipeni, botolo lili m'manja.

"Munaphika?"

"Lamulo ndi lanu, adokotala. Botolo lakale siligona pashelefu."

"Ndinati onse."

"Ufa sunakwane onse."

"Mukanataya obiriwira! Obiriwira ndingawapange mawa, ndi tsamba la pampanda wa aliyense. Mukanataya makumi awiri onse, sindikanafunsa n'komwe."

"Anali amoyo bwino. Awa anali akufa."

"Sanali akufa. Anali akugwira ntchito." Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Bwanji simunaimbe?"

"Munali pamaliro."

"Khulu, m'mawa uliwonse ndinkakwera pachulu kuseri kwa khola, kumene foni imagwira, kuona ngati mwalemba kanthu. Azakhali anga anandidzudzula. Nditaona kuti mulibe uthenga ndinati, khulu ali ndi zonse m'manja."

Sanandikalipirenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Bola akanatero.

Sabata yomweyo tinapita kuchipatala kukapempha mpata wina. Chitseko cha makina chinali chokhoma, pali pepala. M'khonde munali anthu ochepa, ndipo namwino ankawauza mmodzimmodzi kuti amene angathe apite ku Harare. Woyendetsa makina tinamupeza panja, akudya chimanga chootcha. Anati chitsulo china chapsa m'kati, chatsopano chiyenera kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo sakudziwa ngati chifika chaka chino. Adokotala anafunsa za makina a ku Harare. Iye anangoti, "Anthu onsewa akupita komweko, sisi. Mukaime nawo pamzere ndi katoni yanu?"

Inatsala miyezi itatu. Adokotala anayenera kulembera akuluakulu a sukulu ndi anthu akunja aja. Tsiku lina anandiitana, kompyuta ili yotsegula.

"Ndilemba kuti a tepi yofiira anachita chuku magetsi atazima. Zimachitika kulikonse. Palibe adzafunse."

"Musalembe zimenezo."

"Ndikukutetezani, khulu."

"Nyama ya m'mabotolo anga sinachitepo chuku."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. "Ndiye ndilembe kuti munawaphika?"

"Lembani zimene zinachitika."

Sindinadikire kuti alembe. Ndinavala jekete, ndinakwera masitepe kupita ku ofesi ya mkulu wa nthambi yathu, bambo wa imvi amene anali asanandilankhulepo. Ndinagogoda, ndinakana mpando, ndinanena zonse: kuti ndinauzidwa kusamutsa onse, kuti ndinasankha ndekha, kuti ndinali ndi foni ndipo sindinaimbe. Anamvetsera akuseweretsa cholembera. Pomaliza anati, "Zachitika, mdala. Bwererani kuntchito." Sanandichotse. Panalibe chifukwa, popeza chipinda chinali kupita kale.

Anthu akunja anayankha kuti chithunzi cha timizati titatu ndi chabwino, koma muyezo umodzi si umboni. Ankafuna kuti nyama yomweyo iyezedwenso, ndipo aione ikukula. Panalibenso nyama yoti n'kuyezedwa. Chaka chinatha, sanaonjezere.

Mayi a kunyumba sanatchulepo za foni ija. Tsiku limene ndinawauza za yankho la ku Harare, anangondiikira madzi osamba n'kutuluka panja.

Adokotala anapita ku Joni. Ndimamva kuti akuphunzitsa ana a sekondale. Tsiku lonyamuka anabwera kudzatenga mabuku awo. Anandipatsa moni wa manja awiri.

"Musale bwino, khulu."

"Muyende bwino, adokotala."

"Kodi muwatani awa?" Analoza mashelefu.

"Ufa uja unafika. Ndiwasamutsa mpaka wina adzanene zochita."

"Alibe ntchito, khulu."

"Ndikudziwa."

Palibe amene ananena zochita. Malipiro anga anali ataima, koma kiyi anali akadali ndi ine, ndipo alonda a pachipata ankandidziwa. Ndinkakwera kombi Lachinayi la sabata yachinayi iliyonse, n'kukasamutsa mabotolo makumi anayi aja. Ndinachita zimenezi kanayi. Nyama inkakula mwamphamvu, yoyera, mpaka kukankha chivindikiro. Palibe limodzi linachita chuku.

Kenaka kunabwera kalata yoti chipindacho chikhala chosungiramo mipando yothyoka, ndipo zamoyo zonse zimene zili m'menemo ziwonongedwe mwa lamulo. Mpoto wa nthunzi umalowa mabotolo khumi. Ndinaphika chigawo choyamba ndi chachiwiri, magetsi n'kuzima. Ndinabweranso m'mawa mwake n'kumaliza ziwiri zotsala. Ndinakhuthula, ndinatsuka, ndinamatula tepi, ndinalongedza mabotolo m'makatoni. Ndinasesa, ndinazimitsa nyale zazitali zija, ndipo kiyi ndinakasiya ku ofesi. Mlembi wa kumeneko anandifunsa kuti ndi wa chipinda chiti.